Dzina limodzi, ana awiri

Pakati pa usiku Evanthia amamva kugogoda kuseri kwa khoma. Ndi adokotala okalamba oyandikana naye, akulowetsa mbiri za odwala m'kompyuta ndi chala chimodzi. Mudzi wonse amaudziwa pamtima. Amati, "Makinawa sanamvepo munthu akutsokomola."

Kuno mwana wamwamuna amatenga dzina la agogo ake, choncho ana otchedwa Stavros alipo awiri: wa Evanthia ndi wa mlamu wake. Zoti wa Evanthia sayanjana ndi mankhwala a penisilini, adokotala adazilemba molakwitsa pa mbiri ya mnzakeyo. Kuchipatala cha m'tauni, posadziwa, adabaya wa Evanthia jakisoni wa mankhwalawo, mwana adatupa thupi lonse, adapulumuka mwamwayi.

"Mukadandiphera mwana inu!" Evanthia adakalipira adokotalawo pagulu.

"Zoona, mwana wanga," adayankha atazyolika.

Mawuwo akumuwawa Evanthia mpaka lero. Mudziwu ulibe dokotala wina, koma iwo atsimikiza: mwezi ukatha akusiya ntchito.