Kumanda Savala Chipewa

Mlongo wanga Levison anabadwa ndi khungu lachialubino kuno ku Bembeke, kumene anthu amati dzuwa silipweteka chifukwa timadzuka m'nkhungu titavala majuzi. Bodza lenileni. Dzuwa la kuno limamuotcha munthu uku akunjenjemera.

Kuchipatala anamupatsa chipewa chachikulu ndi mafuta oteteza khungu, namuuza kuti asamachivule panja. Kumunda wa mbatatesi ankamvera ndithu. Ankalima atavala malaya a manja aatali, anzake n'kumamunena kuti watchenera ukwati. Iye ankangoseka nawo, poti Levison ndi munthu wofunitsitsa kukondedwa, ndipo chimene chamudya n'chimenecho.

Ali mwana, anzake sankadya naye mbale imodzi. Ndiye adzukulu, aja okumba manda, atamulola kulowa m'gulu lawo, anasangalala ngati wapatsidwa ng'ombe. Koma kumanda mwamuna savala chipewa, akuti ndi ulemu kwa omwalira. Maliro a kwathu ndiye satha msanga. Kukumba kumayamba m'mamawa, kenako ulaliki, nyimbo, ndi akuluakulu olankhula mosatopa, dzuwa lili paliwombo. Ankabwera kunyumba makutu ali psuu, pakhosi pali matuza.

Ndinapita kwa a Gervazio, mkulu wa adzukulu, kukapempha kuti iye yekha amulole kuvala chipewa. Anandiyankha mwaulemu wonse kuti mwambo suona khungu, ndipo ngati zikumuvuta angosiya kubwera. Levison atamva kuti ndinapitako, anandikwiyira kwambiri.

"Achemwali, kumanda kokha ndi kumene amandiitana ndi dzina langa," anatero madzulo ake. "Mukufuna andichotsenso kumeneko?"

Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa. Anakumba manda zaka zambiri mutu uli pamtunda, anthu n'kumamuyamikira kuti ndi mnyamata waulemu.

Chilonda chinayamba kuseri kwa khutu, chaching'ono ngati nyemba. Anachibisa mpaka chinayamba kununkha. Madokotala anati ndi khansa ya pakhungu, ndipo tachedwa nayo. Tsopano amangogona m'nyumba, mbali imodzi ya nkhope itakulungidwa nsalu, ndipo womutsuka ndine.

Dzulo adzukulu anadutsa pakhomo pathu ndi makasu, akupita ku maliro a kutsidya. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapatuka. Levison anawazindikira mawu, nandifunsa ngati amufunsa.

Ndinamuuza kuti eya.