Wogwira Chitsononkho Sadulidwa Mawu

Ndinaganiza zochoka ku Lifidzi tsiku lomwe adiretoli a pasukulu pathu, a Benjami, anandiyalutsa pamsonkhano wa makolo. Ndinali pulofesora, kapena kuti mphunzitsi, wongothandizira, ndipo ana a m'kalasi mwanga ankadana ndi kulemba nkhani. Ukawauza kuti lembani, ankangotafuna lapisi. Ndiye ndinayambitsa masewera. Tinkakhala mozungulira n'kumaponyerana chitsononkho. Wochiwakha ankapitiriza nkhani pomwe mnzake walekezera, ndipo lamulo linali limodzi: wogwira chitsononkho sadulidwa mawu. Tikatha, aliyense ankailemba m'kadeno mwake, kope lolembamo lija, ndi mathero akeake.

"Makolo, ana anu akuphunzira kuponyerana zinyalala," anatero a Benjami, atanyamula chitsononkho changa ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Anthu anafa nalo phwete. Chaka chotsatira sanandilembenso ntchito.

Ndinasiya mwana wanga Luiza kwa mayi n'kukwera shapa, minibasi ya ku Tete. Kumeneko ndinkatsuka mbale pamalo odyera. Mwana wa kumapiri ine, dzuwa la ku Tete linandiphika wamoyo. Malipiro ankathera kulipira kachipinda ndi kutumiza kumudzi. Lamlungu ndinalibe wocheza naye, ndiye ndinkangokwecha mapoto anga uku ndikutukwana a Benjami chamumtima. Sindinawakhululukire, ndipo sindinayese n'komwe.

Patapita zaka, Luiza anayamba kukana foni. Mayi ankangoti wapita kumadzi. Tsiku lina ndinawapanikiza.

"Mwanawe, anzake akumuseka," anaulula. "Adiretoli adafalitsa zoti iwe sadakuchotse, udathawa ndi woyendetsa lole wa pa Kalomwe. Masewera ako aja akuti n'ngawo. Akuluakulu a zamaphunziro a ku Ulongwe akubwera kudzawaonera."

Ntchito akanatha kundilanda, koma kundilandanso mwana? Ndinavula epuloni ya eni ake n'kubwerera.

Tsiku la alendowo ndinaima kumbuyo kwa makolo. A Benjami, jekete ili psuu, ankafotokoza nzeru zawozo monyadira. "Lamulo lomwe ndidaika n'limodzi," anatero. "Wogwira chitsononkho sadulidwa mawu." Alendo anagwedeza mitu. Luiza anali m'bwalomo, wamtali kuposa mmene ndinamusiyira, maso ali pansi.

Chitsononkho chitangouluka, ndinalowa m'bwalo n'kuchiwakha.

"Mayi inu, tulukani! Pano pali alendo!" anakalipa a Benjami.

"Adiretoli, sadulidwa mawu!" anakuwa ana onse pamodzi.

Ndinakhala pansi bwinobwino. "Padali mayi wina yemwe adakumba mbewa yonona," ndinayamba. "Bambo wina adati ndi khoswe, naitaya anthu akuseka. Mayiyo atapita ku Tete kukatsuka mbale, yekhayekha, popanda lole kapena mwini lole, bambo uja adaitola mbewa ija, naikazinga. Lero akudyetsa alendo, akuti adakumba yekha."

Ndinkayankhula pang'onopang'ono dala, kuti mawu alionse awalowe. Thukuta linkatsika m'khosi mwa a Benjami ngakhale kunali chisanu cha mu Juni, ndipo kunena zoona, ndinamva kukoma.

Kenako ndinaponyera Luiza. Anachiwakha, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayiyo adabwera," anatero. "Mwana wake adali atatopa kunyozedwa."

Makolo anaseka a Benjami. Ana anathamangira m'kalasi kukalemba, ndipo ndinamva kuti m'makadeno ena bambo wa mbewayo anatsekula m'mimba mpaka kufa. Sindinakonze mathero a mwana aliyense.

Koma kuseka kwa makolowo ndinakuzindikira. Kunali komwe kuja, kwa anthu omwe aja amene anandiseka ine, n'kumezanso bodza la lole osatafuna. Kwathu kuno samvera woona, amamvera wogwira chitsononkho, ndipo ukachoka m'bwalo, nkhani yako amakutsirizira ndi ena.

Ntchito sinabwerere. Ndikulima nyemba ndi mayi. Madzulo Luiza amasonkhanitsa ana a m'mudzi pakhomo pathu, timasewera mpaka dzuwa kulowa. Tikatha, chitsononkhocho amandibwezera, ndipo chimagona kumutu kwanga.