Phiri Langa la M'galasi

Mbiri ya zomangamanga m'boma la Dedza singalembedwe yonse popanda dzina langa, pakuti ine ndinamangapo phiri ndi manja angawa. Chabe kuti phirilo linali la miyala isanu ndi iwiri, ndipo msinkhu wake sunkapitirira botolo la mafuta ophikira.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Aphunzitsi athu a sayansi, a Chimbalanga, anabwereka kwa ansembe a kuparishi bokosi lagalasi losungiramo nsomba zamoyo. Anathiramo mchenga wa mumtsinje, anadzalamo udzu wam'madzi, n'kuikamo timakumba tinayi ta m'damu. Chinatsala ndi miyala yoti nsomba zizibisalamo. Popeza kwathu kunali m'tsinde mwa phiri la Mphunzi, ntchitoyo inagwera ine.

"Galasi ili ngakhale pa Linthipe sungalipeze," anatero aphunzitsi. "Ukaliswa, kwa ansembe ukafotokoza wekha."

Lachisanu ndinasanja miyala yanga pamwamba pa mchenga. Pansi ndinasiya kaphanga, ndipo mwala waukulu ndinauika pamwamba penipeni ngati chipewa. Anzanga anawomba m'manja. Tikuweruka, ndinaona nsomba imodzi ikutapa mchenga ndi pakamwa m'munsi mwa phiri lija n'kumakaulavula pambali. Ndinaiyamikira chifukwa cha khama lake, ndipo ndinapita kwathu.

Loweruka m'mawa ndinali ku munda wa kachewere. Ababa ankakonza mzere wa miyala wotchinga madzi, umene unali utagumuka. Ntchito imeneyi ine ndinkaiona ngati ya anthu amene sayansi inawadutsa.

"Waona apa?" anatero ababa akuloza una. "Amene anaika miyalayi anangoikhazika pa dothi lofewa. Mfuko yafukula pansi, basi zonse zatsika. Mwala umafuna ukhale pa cholimba."

Khasu linandilemera nthawi yomweyo. Nsomba ija si kuti inkasesa pakhomo. Inkafukula maziko.

Kalasi inali yokhoma, kiyi ali kwa aphunzitsi. Tsiku lonselo ndinkangoona chipewa chija chikutsetsereka, galasi likung'ambika, madzi akuyenderera pansi pa madesiki, timakumba tikuphiriphitha pa simenti. Chakudya sichinkatsika. Amayi anandigwira pamphumi, nati mwina ndi malungo. Ndinalakalaka akanakhala malungo.

Lamulungu ku Misa sindinamve kanthu. Belu laling'ono likalira, ine ndinkamva galasi. Ansembe akatembenukira mbali yathu, ndinkaona ngati akuwerenga nkhope yanga. Tikungotuluka ndinathamangira kusukulu n'kusuzumira pa zenera. Phiri linali litapendeka. Pakati pa mwala waukulu uja ndi galasi panangotsala mpata wa chala chimodzi. Ndipo tsopano nsomba zonse zinayi zinali pa ntchito, Lamulungu lenilenilo.

Ndinabwerera kutchalitchi kukafuna ababa.

"Ababa, ndapalamula."

Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula.

"Chagwa kale?"

"Ayi."

"Ndiye ukuimiranji? Tiye kwa aphunzitsi."

A Chimbalanga atatsekula kalasi, ababa anavula jekete la kutchalitchi n'kuwapatsa kuti awagwirire. Anapinda malaya, napisa manja m'madzi ozizira aja pang'onopang'ono, monga amachitira potenga mazira pansi pa nkhuku. Chipewa chinatuluka choyamba, kenako miyala inayo umodziumodzi. Anakankhira mchenga pambali mpaka galasi la pansi linaoneka.

"Vula patapata," anandiuza ababa.

Ndinavula. Anatulutsa mpeni n'kuwadula zidutswazidutswa ine ndikuona. Zidutswazo anaziyala pa galasi kuti mwala usalikande, nakhazikapo miyala ikuluikulu. Mwala uliwonse ankautembenuza mpaka utapeza pokhalira, kenako ankaugwedeza ndi dzanja. Ukangosuntha pang'ono, ankayambiranso. Mchenga unabwerera pomaliza, udzu uja n'kudzalidwanso m'mipata.

"Tsopano zifukule mmene zingathere," anatero akupukuta manja pa thalauza.

"Bambo, zimenezi munaphunzira kuti?" anafunsa aphunzitsi, jekete likadali m'manja.

"Ku munda kwa apongozi anga. Kumeneko ukalakwitsa, mudzi wonse umamva."

Phiri latsopanolo linali lalifupi ndiponso losanyada ngati langa, koma linakhala mpaka galasi linabwerera kwa mwini wake lili lamphumphu. Ansembe sanamve chilichonse, ngakhale poulula machimo.

Patapita zaka ndinalowa koleji ya zomangamanga, kumene mphunzitsi wina anatha miyezi itatu akufotokoza pa bolodi zimene ababa ananena ku munda m'mawu asanu. Ndinachokako mayeso asanafike, pa zifukwa zimene dziko silinakonzeke kuzimva. Koma mpaka lero, wina akandionetsa chinthu chokongola, ndimayamba ndasuzumira pansi kuti ndione chakhalira pa chiyani, ndiponso amene akufukulapo ndani.

Chaka cha phiri lija ndinayenda chosavala kumapazi milungu iwiri m'chisanu cha Juni, kufikira nditagulitsa kachewere wa pa kamzere kanga. Maphunziro onsewo ananditengera patapata wa makwacha makumi anayi ndi asanu.