Ulemu womwe unasiya saksofoni yokha

Lachiwiri masana ndinaperekeza Tiwonge, mwana wa mchemwali wanga, ku holo ya tchalitchi china ku Katawa. Tiwonge amaimba chelo, vayolini wamkulu uja woimika pansi. Iye ndi anzake atatu, awiri a vayolini ndi mmodzi wa viyola, akukonzekera kukaimba Loweruka limodzi ndi a Chirwa, mkulu wa ku Nkhata Bay yemwe wakalambira pa saksofoni m'mabandi a m'mahotela.

Dongosolo lake ndi losavuta. Anayiwo amawerenga manotsi n'kuyala nyimbo pansi. Pakati pa nyimboyo a Chirwa amasiya pepala n'kumapeka zawo pomwepo, anawo akupitirizabe. Jazi ndiye imeneyo.

Koma a Chirwa atangoimirira kuti ayambe kupeka, zingwe zonse zinangoti zii. Anawo anatsitsa mauta awo okhwekhwezera zingwe, maso pansi.

"Mwasiyiranji?" anafunsa a Chirwa.

"Adada, tinaona mwaimirira, ndiye timati tikumvereni," anayankha Tiwonge.

"Yewo chomene chifukwa cha ulemuwo, koma mwandisiya m'malere. Ine ndiponda pati? Mukateronso, Loweruka saksofoni igona kunyumba ku Lupaso, mukaimba nokha."

Atayambiranso, wa viyola analimba mtima n'kupitiriza pang'ono, kenako anayang'ana anzake n'kusiya.

Anawa sanaphonye notsi iliyonse. Anachita zomwe tinawaphunzitsa ndife: wamkulu akaimirira, mwana akhale chete. Kodi si zomwe timachita pa msonkhano wa makolo kusukulu? Nanga kuofesi? Bwana akayamba kulankhula timagwedeza mitu, maganizo athu n'kukawatulutsira m'minibasi. Timati mutu umodzi susenza denga, koma mutuwo ukaimirira timaulekera denga lonse. Ukagwa nalo timati tinkadziwa kale.

Kuimba pamene wamkulu akuimba si mwano. Mwano ndi kum'phimba. Ntchito ya anayi aja ndi kugwira nyimbo mosasunthika, kuti mkuluyo akapita kutali apeze pobwerera.

Tiwonge anapeza njira yake. Nthawi ya a Chirwa itayandikira, anatsinzina kuti asawaone akuimirira. Chelo chinapitiriza, anzake n'kutsatira. Saksofoni inakwera, inazungulira, n'kudzatera pa notsi yomwe Tiwonge anali ataigwirabe.

"Basi, Loweruka ndibwera," anatero a Chirwa akupukuta thukuta.

Ine Lolemba ndili ndi msonkhano ndi akonzi a nyuzipepala yathu, ndipo uta wanga sindikautsitsa, ngakhale zitafunika kutsinzina. Nanga inu, wamkulu wanu akadzaimirira, adzaponda pati?