A Khembo ndi boti lomwa madzi

A Stafford Khembo kwawo ndi ku Chikwawa, m'mphepete mwa Shire, koma akhalitsa mu Blantyre. Ndi makaniko wa malole pa galaja ina ku Limbe. Mpaka mu 2023 ankakhala ku Manja ndi akazi awo, a Gertrude, ndi mwana wawo wamkazi Tawonga, m'nyumba yomanga okha m'munsi mwa phiri la Soche.

Pafupi ndi galajayo pali sitolo ya zitsulo ya Mayi Nasreen. Kuseri kwake kunali boti lakale la malemu bambo awo, lili pa ngolo ya matayala akuphwa. Linalibe pulopela. Injini yake, yonga ya galimoto, inkazunguza pampu imene imamwa madzi pansi pa boti n'kuwalavula kumbuyo mwamphamvu, motero linkatha kuyenda ngakhale posaya. A Khembo ankaliliza mwa apo ndi apo kuti injini isachite dzimbiri.

Namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa osakata. M'mawa wina ali pa ntchito, mlongo wawo Angelina anaimba foni kuchokera kumudzi.

"Achimwene, madzi atizungulira. Tili pachulu ndi amayi ndi ana. Mabwato akukanika, madzi akuthamanga koopsa."

Foni inadukira pomwepo. A Khembo anathamangira kusitolo.

"Mayi, ndibwerekeni boti."

"Lija? Silinalowe m'madzi chimwalirire bambo. Likakathima pakati pa Shire mukatani?"

"Ndikaona konko, mayi. Amayi anga ali pachulu."

Mayi Nasreen anaitana Chester, dalaivala wa lole ya sitolo, kuti akokere botilo kuchigwa.

Injini inalira bwino. Koma a Khembo atatsegula pampu anapeza mapiko ake atadyeka ndi mchenga, mphira wotseka madzi utang'aluka. Anadula wina pa chubu cha lole. Ali mkati momanga mabawuti, foni inaliranso. Anali a Gertrude, akukuwa.

"Bambo a Tawonga, phiri likutsika! Phiri likutsika!"

Kuseri kwa mawu awo kunkamveka mkokomo ngati wa sitima. Kenako kunangoti zii.

A Khembo anataya sipanala nakwera kabaza. Njinga itakanika matope, anathamanga wapansi. Kumtunda kwa Manja anapeza njira yonse itasanduka chigwembe cha matope ndi miyala ikuluikulu ngati minibasi. Pamene panali nyumba za anansi awo, anthu ankafukula ndi makasu, ena ndi manja. Pa nyumba yawo panangotsala khoma limodzi.

Anayenda akuitana mpaka mawu kusasa. Anawapeza masana pakhonde la tchalitchi, a Gertrude atakumbatira Tawonga, onse awiri ali matope okhaokha.

"Boti latheka?" anafunsa a Gertrude.

"Sindingakusiyeni chonchi."

"Ife tili pouma. Amayi ali pachulu. Pitani."

M'mawa mwake, atamaliza kumanga pampu ija, a Khembo ndi Chester anatsika mapiri a ku Chikwawa pang'onopang'ono, akuzemba miyala yogumukira mumsewu. Pomwe msewu unalowa m'madzi, anatsitsa boti. Linanyamuka mwaliwiro moti Chester, yemwe sadziwa kusambira, anagwiritsa mpando ndi manja onse. Pansi pawo panali minda ya anthu.

Sanapite patali, injini inayamba kulira mokweza koma boti osasuntha. Muvi wa kutentha unkakwera, chifukwa madzi oziziritsa injini amachokeranso ku pampu yomweyo. A Khembo anazimitsa msanga.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Chester.

"Lameza zinyalala. Gwirani chingwe ichi, musachitaye."

Anadzimanga m'chiuno n'kulowa m'madzi ofiira, osaona kalikonse. Anapapasa pansi pa boti mpaka kupeza sefa yomwera madzi, itatsekeka ndi namasupuni ndi mapesi. Ankazula, kutuluka kukapuma, kumiranso. Madzi ankakokera boti kumitengo, ndipo chilichonse chowakhudza mwendo ankati ndi ng'ona. Botilo linatsamwanso kangapo m'njira, mpaka manja awo anali mabala okhaokha.

Anafika pachulu dzuwa litapendeka. Amayi awo anali atazizidwa, osatha kuyankhula. Anawanyamula ngati mwana, n'kukweza Angelina, ana, ndi ena amene anakwanamo. Atawatula kumtunda anabwerera kukatenga otsala. Pobwera ulendo umenewu anaona anthu ena padenga patali, akukupiza nsalu.

"Tibweranso!" anafuula a Khembo.

Koma atayandikira kumtunda injini inagogoda mkati, n'kutulutsa utsi, n'kuthima. Anthu anachita kulikoka botilo ndi chingwe. A Khembo anaigwiragwira injiniyo mpaka kunja kuda, koma inali itapseratu. Anauza asilikali amene anafika ndi maboti awo mbali imene kunali dengalo. Mpaka lero sadziwa ngati anthu aja anapulumuka, ndipo nkhani imeneyi sakonda kuikamba.

Pano banjali likuchita lendi ku Zingwangwa. A Gertrude sagona mvula ikamagwa. Amayi awo a Khembo anakhala nawo kumeneko mpaka kuchira, koma madzi ataphwa anakana kukhala m'tauni. Anamanga katundu wawo m'chitenje, ndipo a Khembo anawaperekeza kokwerera minibasi za ku Chikwawa.