Pang'ono ya Kwathu

Chizindikiro choyamba ndinachimva pomanga zingwe za nsapato. Munali mu Novembala 2005, m'mawa, ndikukonzekera kupita ku shifiti. Nditawerama ndinamva ngati wina wandikhoma msomali pakati pa msana. Ndinakhala pampando mpaka ululu utazizira, ndinamwa panado awiri, ndi kukakwera basi.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 44. Ndinkanyamula makatoni m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu kunja kwa tawuni ya Rotherham, ndipo mkazi wanga, mayi a Tiyamike, ankasamalira okalamba. Pantchito pathu aliyense ankadandaula msana, choncho sindinaone chachilendo.

Mwana tili naye mmodzi, Tiyamike, amene tinabwera naye kuno ali ndi zaka zitatu. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingelezi. Mu Ogasiti chaka chomwecho, iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mpingo wathu unachita hayala basi kupita ku paki ya zisangalalo. Kumeneko kuli chisitima chothamanga panjanji za m'mwamba, chokwera, kutsika ndi kuzondoka. Tiyamike anafuna kukwera, koma atamuimika pathabwa loyezera msinkhu anaperewera. Analira mpaka m'basi. Ndinamulonjeza kuti akadzakwana tidzakwera awiri, mipando yoyandikana. Kunyumba tinalemba mzere wa msinkhu wofunikawo ndi pensulo pafelemu ya chitseko cha kukhitchini, ndipo Lamlungu lililonse ankakaimapo.

Mu Januwale 2006 ndinapita kwa dokotala wa m'dera lathu. Anandifunsa ngati msana ukupweteka kwambiri. Ndinayankha monga ndikanayankhira kwathu ku Ntcheu, kungoti m'Chingelezi: pang'ono. Anandiuza kuti nditchule nambala ya ululuwo, kuyambira 1 mpaka 10. Ndinatchula 3. Anandilembera mapiritsi, n'kundilangiza kuti ndizipinda mawondo ponyamula katundu. Ndinabwererako mu Malichi, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Sindinamuuze kuti ndinkadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta, kapena kuti lamba wanga ndinali nditamuboola mabowo ena awiri. Sindinaone kuti zimenezi zikukhudzana ndi msana.

Mu Meyi mapazi anayamba dzanzi. Ndinkayenda ngati ndikuponda thonje. Lachitatu lina ndili pantchito, mwendo wamanzere unangokana, ndipo ndinagwa pakati pa mashelefu. Anaitana ambulansi.

Kuchipatala anandilowetsa m'makina a sikani, opanikiza ngati bokosi la maliro, ndi phokoso losalekeza. Patapita masiku awiri anatenga kanyama pamsana ndi jakisoni wautali. Kenako kunali kudikira. Zotsatira zitabwera anati ndi TB ya msana. Ndinadabwa, chifukwa sindinatsokomole n'kamodzi komwe. Dokotala anandionetsa chithunzi. Mafupa awiri a msana anali atadyeka, ndipo mafinya ankapanikiza mtsempha wopita kumiyendo. Anati, "Msana uwu sunayambe dzulo. Mwakhala mukunyamula bwanji makatoni?"

Mu wodi yathu munali namwino wa ku Zomba, Mayi Matewere. Tsiku lina anandimva ndikuyankha madokotala pa nthawi yoyendera odwala. Atangodutsa madokotalawo, iwo anakoka katani.

"Bambo a Tiyamike, pang'ono ya kwathuyi mukanaisiya pabwalo la ndege. Kwathu bambo wamkulu akati pang'ono, timathamangira kukafuna galimoto. Kuno mukati pang'ono, amalemba pang'ono. Tandiuzani m'Chichewa, ukupweteka bwanji?"

Ndinawauza. Anakalemba 9 mufayilo, ndipo tsiku lomwelo anandisinthira mankhwala a ululu.

Opareshoni inachitika mu Juni. Anachotsa mafinya, n'kumanga mafupa aja ndi zitsulo. Pambuyo pake ndinakhala mu wodi milungu isanu ndi umodzi. Mapiritsi a TB ankabwera 6 koloko m'mawa ndisanadye kanthu, ndipo mkodzo unkatuluka wofiirira ngati dzimbiri. Lolemba lililonse ankatenga magazi kuti aone chiwindi. A mafizo ankabwera chakumasana kudzandiimika pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira. Tsiku loyamba ndinaponda kanayi, n'kusanza. Nthawi yotsalayo inali yoyang'ana kudenga ndi kudikira: kudikira madokotala, kudikira wokankha bedi, kudikira ola la alendo. Mayi a Tiyamike ankakwera mabasi awiri akaweruka. Ena a mumpingo atamva mawu oti TB anayamba kungotumiza moni, pakuti kwathu matendawa amayenda ndi mphekesera zina. Kuchipatala anandiyezanso kachilombo ndipo ndinalibe, koma sindikanayenda khomo ndi khomo kukalengeza. Tiyamike ankabwera Lamlungu. Asanakhale pansi ankandionetsa ndi zala zake pamene patsala kuti afike pamzere uja.

Ndinatuluka kumapeto kwa Julayi ndi ndodo komanso lamba wolimba womanga msana. Mankhwala ndinamwa chaka chathunthu osadumphitsa. Ntchito ya makatoni inathera pomwepo. Pofika pakati pa 2007 ndinkayenda ndekha, modekha, ndipo thupi linali litabwerera. Chimene sichinabwerere ndi kuimirira. Ndikaima malo amodzi mphindi khumi, miyendo inkayamba kutentha, kenako osaimvanso.

Mu Ogasiti 2007 Tiyamike anali atadutsa mzere wa pachitseko uja, ndipo mpingo unakonzanso ulendo. Ndinavala jekete, nsapato ndinapolisha. Ndodo ndinaisiya m'basi, chifukwa sindinafune kuti ioneke pazithunzi. Mayi a Tiyamike anali atamva kuntchito kuti kumapaki otere kuli ofesi yothandiza anthu amene sangathe kuima pamzere. Amawamanga kalamba kapepala pamkono, n'kuwalembera nthawi yoti akalowere kugeti lotulukira. Tinayambira kumeneko.

Pawindo panali mtsikana waulemu. Anapempha umboni, makamaka kalata ya dokotala. Ine ndinali ndi khadi la masiku okaonana ndi madokotala, ndi katoni yopanda kanthu ya mapiritsi. Anati zimenezi zikusonyeza kuti ndinadwala, koma sizikunena chimene sindingathe kuchita. Anandiyang'ana kuyambira kujekete mpaka kunsapato, n'kufunsa, "Kodi kuimirira kumakuvutani?" Kumbuyo kwanga kunali anthu a mumpingo. Tiyamike anali atandigwira dzanja. Ndinati pang'ono. Mtsikanayo anapepesa, n'kuitana wotsatira. Sindimuimba mlandu. Anaona bambo wovala bwino, woima mowongoka, wonena ndi pakamwa pake kuti vuto ndi laling'ono.

Tinakaima pamzere wa chisitima chija. Chikwangwani chinati ola limodzi. Patatha mphindi khumi ndi zisanu miyendo inayamba kutentha. Ndinatsamira chitsulo cha m'mbali, n'kumasuntha nditachigwira. Geti likuoneka ndithu, miyendo inazima, ndipo ndinakhala pansi, pamene anthu anatayirapo zakumwa. Ogwira ntchito anabwera ndi njinga ya olumala, n'kundidutsitsa pakati pa anthu onse aja. Tiyamike ankatsatira kumbuyo atanyamula jekete langa. Sanalire ngati chaka chija, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. M'basi pobwerera mayi a Tiyamike anatenga ndodo pamene ndinaibisa, n'kuiika pamiyendo panga. Anangoti, "Munaisiyira ndani, adalaivala?"

Mu Sepitembala ndinakapempha kalata. Tisanapite, mayi a Tiyamike anandikhazika patebulo kuti ndilembe zonse papepala m'Chichewa, kenako tinamasulira mzere ndi mzere osachotsapo kanthu. Sindingathe kuima kupitirira mphindi khumi. Ndagwapo kanayi. Mkodzo ukandipeza sindingathe kuugwira. Ndinawerengera dokotala wa msana pepalalo osadzutsa mutu. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo anati, "Izi ndi zimene ndimafuna kumva kwa inu chaka chonsechi."

Kalata inafika patatha milungu itatu. M'ndime yachiwiri munali mawu oti ndine wolumala. Mawu amenewa ndinkawadziwa ngati a anthu ena, ndipo ndinachita manyazi pozindikira mmene ndinkawaonera anthu amenewo. M'ndime yomaliza dokotala analemba kuti, chifukwa cha zitsulo za pamsana, ndisakwere chilichonse chogwedeza thupi mwamphamvu. Ndimeyo ndinaiwerenga ndekha. Ndinapinda kalatayo, n'kudziuza kuti kamodzi kokha sikangaphe munthu. Paki inatseka chifukwa cha nyengo yozizira, ndipo miyezi yonseyo sindinauze aliyense.

Tinabwererako mu Julayi 2008, ife atatu, ndodo ili m'manja. Pawindo panali bambo wachikulire. Anawerenga kalata yonse mosathamanga, anayerekeza dzina ndi chiphaso changa, n'kundimanga kalamba kaja pamkono. Kenako anatenga mapu a paki ndi cholembera, n'kuyamba kudula mitanda. Anati, "Izi zokha simungakwere, bwana. Dokotala wanu walemba." Mtanda woyamba unagwera pachisitima chija. Anafotokozanso kuti kalambako kamagwira ntchito pokhapokha mwini wake akukwera nawo.

Tiyamike anatenga mapuwo, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anandifunsa m'Chingelezi ngati ndinkadziwa. Ndinati inde, ndinkadziwa kuyambira tsiku limene kalata inabwera, ndipo sindidzatha kukwera, chaka chino kapena chaka china chilichonse. Sindinachepetse kanthu.

Anakaima pamzere ndi mayi ake, amene amaopa ngakhale masitepe oyenda okha a m'masitolo. Ine ndinakhala pabenchi ndi zikwama. Chisitima chinkadutsa pamwamba panga mobwerezabwereza, anthu akukuwa, ndipo sindinathe kudziwa kuti mwana wanga wadutsa ulendo uti. Patatha ola ndi theka anatulukira. Mayi a Tiyamike anadzigwetsa pabenchi mpango uli m'manja, nati, "Lonjezo lanu, koma wofa ine." Tiyamike anakhala mbali inayi. Sanandiuze mmene zinalili. Anatambasula mapu, n'kuloza malo opanda mtanda, timabwato toyenda pang'onopang'ono m'ngalande, tokwera makanda ndi okalamba. Tinalowera kugeti lotulukira, awiri. Mawondo ake ankagunda kutsogolo kwa bwato. Tinazungulira ngalande yonse, dzanja lake lili pandodo yanga kuti isagwere m'madzi.

Lero TB inatha, ndipo kuchipatala ndimangopita kamodzi pachaka kukajambulitsa zitsulo. Ndimagwira ntchito yokhala pansi, yolandira mafoni pa ofesi ya matakisi. Phazi lamanzere silimva bwino, nyengo yozizira imandivuta, ndipo kutchalitchi ndimaimba nditakhala. Kalata ija ndimayenda nayo m'chikwama, ndipo ndimaitulutsa osadikira kufunsidwa kawiri. Ndinafunsa dokotala ngati zikanasiyana ndikananena zonse mu Januwale muja. Sanafune kundilonjeza za kumbuyo, koma anati matendawa akapezeka msanga, nthawi zambiri mapiritsi okha amakwanira.

Ndalemba izi chifukwa cha abale athu amene akunyamula makatoni ndi okalamba kunoku. Msana ukapweteka milungu ingapo osasiya, makamaka pamodzi ndi thukuta, kuwonda kapena dzanzi, pitani kuchipatala ngakhale simukutsokomola. Lembani papepala zonse musananyamuke, ndi zochititsa manyazi zomwe. Ngati mukudziwa kuti mukafika pamaso pa dokotala muchita ulemu, tengani munthu wa m'nyumba mwanu amene sakuopani. Ine ndinkanyadira kupirira. Kupirirako kunandidyera mafupa awiri, ndi lonjezo limene ndinapatsa mwana wanga.