Mkwiyo Umene Ndinasesa

Nditangofika m'tauni ndinalowa m'kagulu kokonza pulogalamu yaulere imene masukulu ankasindikizira malipoti a ana. Aliyense ankaloledwa kuona m'kati mwake ndi kukonzako. Tinkakumana Loweruka ku Limbe, pamwamba pa shopu ya nsalu, ndipo wotitsogolera anali achemwali ena a ku Nsanje.

Webusaiti imene aphunzitsi ankalembapo zovuta za pulogalamuyo inali pafupi kutsekedwa. Achemwaliwo anandipatsa ntchito yosamutsira madandaulo onse ku ina yatsopano, limodzilimodzi, pamanja. Ndinkafunitsitsa kuti andiyamikire.

Vuto linali mawu a aphunzitsiwo. Kwathu sulowa ndi zinyalala m'nyumba yatsopano, umayamba wasesa. Pamene wina analemba kuti, "Anapanga izi anali ataledzera?" ine ndinalemba kuti, "Tikupempha, mukapeza mpata muoneko." Onse ndinawaveka ulemu chomwecho, webusaiti yakale n'kutsekedwa.

Loweruka lotsatira achemwali anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali.

"Achimwene, anthu okwiya aja apita kuti?"

"Ndawasesa, achemwali."

"Ife timadziwa choyamba kukonza poona mkwiyo. Apa onse akufanana ngati ana a kwaya. Masukulu akutseka Lachisanu, ndipo ndikukumbukira kuti pali wina amene malipoti ake akanikiratu. Ndi uti?"

Mkwiyo wonse unali utatsala m'mutu mwanga mokha. Anandikhazika pampando kuti iwo aziloza dandaulo, ine ndizinena mmene linalili poyamba.

"Ili la ku Mpingwe?"

"Anati pulogalamu yanu ndi yaulesi."

"Ameneyo adikire. Ili?"

"Anati muli ndi mitu yangati kumeneko."

"Akungocheza. Kwezaniko mawu, mukunong'oneza ndani?"

Ndinanena mawu amene mayi anga akanandisambitsira m'kamwa ndi phulusa, maso ali pansi, manja ali pakati pa mawondo. Tinafika pa dandaulo la mphunzitsi wamkulu wa ku Nkolokosa. Ndinapempha kuti ndilembe papepala. Achemwali anakana.

"Pepani achemwali, anati mbuzi inu, mukufuna makolo andidye? Ndikakupezani ndidzakutafunani ndi kompyuta yomwe."

Nthawi yomweyo n'kuti mwini shopu, bambo wachikulire wa chisoti choyera, ataima pakhomo ndi tiyi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwana uyu ndimamuyesa wa kutchalitchi."

"Musiyeni, bambo, ali pantchito," anatero achemwali, misozi ya kuseka ili mbwee. "Mphunzitsi ameneyo ndiye timamufuna."

Tinakonza vuto lakelo tsiku lomwelo, ndipo malipoti anatuluka Lachinayi. Mphunzitsi uja analembanso, tsopano pa webusaiti yatsopano: "Mbuzi inu, zatheka."

Zala zinandiyabwa kuti ndisesenso, koma ndinazikhalira. Mwini shopu yekha ndiye anayamba kundipatsa moni ali patali ndithu.